K3,000 ya osapita ku shawa ndi ya ndani?

Mauthenga a pa foni a mamembala a gulu la banki khonde

Lolemba m'mawa

Alembi: Mwadzuka bwanji nonse. Pepani ndikuyamba ndi nkhani yolemera. Mwana wa a Nachisale wagonekedwa m'chipatala usiku wathawu, ndipo malamulo athu amati alandire K20,000 ya chithandizo. Ndisanalembe ndinati ndione kaye ngati buku likugwirizana ndi foni. M'buku, thumba la zadzidzidzi lili ndi K95,000. Pa Mpamba ya gulu pali K35,000 yokha. A msungichuma tithandizeni, K60,000 yapita kuti? China, anthu 8 anapereka chindapusa cha K3,000 aliyense chifukwa chosapita ku shawa (bridal shower) ya mwana wa a wapampando Loweruka. Imeneyo ndi K24,000, m'bokosi sinalowe.

a Nasibeko: Iii a Nachisale pepani, mwana ali bwanji?

a Nachisale: Zikomo amayi. Ndi malungo, amuika diripi, pano wagona. Za ndalamazo kambiranani, ine ndingopempha ya chithandizoyo ifike lero, kuno chilichonse n'chogula.

Msungichuma: A Nachisale ndikutumizirani pompano, musade nkhawa. Koma alembi, nkhani ngati iyi mukanandiimbira kaye foni. Mwalemba ngati ndalama ndadya ine. K60,000 inapita kwa DJ ndi kwa a tenti ngati chikole, sabata yathayi. A wapampando anandiuza kuti gulu linagwirizana kale zothandiza pa shawa ya mwana wawo, ndipo ibwerera perekani akawerengedwa. K24,000 ndinapereka ku komiti ya shawa, inagula zakumwa. Mauthenga onse ali mufoni, aliyense abwere aone.

Akiyi Woyamba: Inapita bwanji ife osadziwa? Bokosi lili ndi maloko atatu kuti munthu mmodzi asatsegule yekha. Thumba la zadzidzidzi tinaliika pa foni kuti wina akadwala pakati pa usiku tisamadzutsane atatu kufuna makiyi. DJ anadwala usiku?

Wapampando: Amayi tiyeni tilankhulane mwaulemu. Ine sindinabe ndalama ya munthu. Pa msonkhano wa mu Ogasiti ndinanena kuti mwana wanga ali ndi shawa, nonse munaomba m'manja, ena mpaka nthungululu, munati gulu lithandiza. Lero mwaiwala?

Alembi: A wapampando, ndatsegula buku la Ogasiti. Ndinalemba chonchi: gulu lithandiza kuphika, kutsuka mbale ndi kukonza malo. Za ndalama mulibemo.

Wapampando: Ndiye kuthandiza kumathera pa kutsuka mbale? Chimene chikundiwawa ine si K60,000, imeneyo ibwera. Chikundiwawa n'chakuti anthu amene ndimakhala nawo pamphasa imodzi Lachinayi lililonse anasankha kulipira kuti asaone nkhope ya mwana wanga. Chindapusa chimaperekedwa munthu akalephera. Inu munapereka Lachinayi, shawa ili Loweruka, mukuseka. Kumeneko si kulephera, n'kugula ufulu wosabwera. MC ataitana a banki khonde ya mayi a mkwatibwi, mipando ya mzere wathu inali yopanda anthu, akuchimuna akuyang'ana. Ine ndinavina pa chinkhoswe cha mwana wa a Nabanda mpaka bondo kutupa.

a Nabanda: Poti mwanditchula, ndiyankha. Inde ndinalipira, ndipo ndinalipira mtima uli m'malo. Chinkhoswe cha mwana wanga chinalibe khadi, chinalibe yunifomu, munabwera ndi chitenje chimene munali nacho, munamwa thobwa, munaponya chimene munakwanitsa. Tsopano tiwerengere limodzi za Loweruka. Nsalu ya yunifomu K9,000. Telala K6,000. Khadi yolowera K5,000. Mphatso munanena kuti isachepere beseni kapena seti ya makapu. Perekani, ngakhale uzigwira dzanja bwanji, K10,000 imatha. Yakwana K30,000 ndisanagule beseni. Ine ndimagulitsa tomato, ndipo ndili ndi ngongole ya gulu lomweli yoti ndibweze pa 16. Pakati pa K30,000 ndi K3,000 mukanasankha iti inuyo?

Wapampando: Mwana amakwatiwa kamodzi, achemwali.

a Nabanda: Amakwatiwa kamodzi koma ife tikuponya kanayi. Chinkhoswe mu Juni tinaponya. Shawa iyi. Mwati kuli send-off kumapeto kwa mwezi, ukwati mu Novembala. Banja limodzi lomwelo, matumba omwewo. Chaka chamawa tidzamva za baby shower.

a Nasibeko: Ine ndinapita, ndiye ndili ndi ufulu wolankhula. A wapampando musakwiye, mwambo unali wokongola, mwana anatchena, chakudya chinakwana. Koma tinavutika. Khadi inati 1 koloko, tinayamba cha m'ma 3, ife titakhala kale pa mipando ya pulasitiki tenti ikutentha. Ndinapita pa tebulo la osintha ndalama ndi K10,000 kuti andipatse ma K100 ndi ma K200, nditha kuvina nthawi yaitali. Anati tchenji chatha, anandipatsa ma K1,000. Ndiye MC uja sankatopa. Onse ovala yunifomu. Onse a mpingo. Onse a banki khonde. Onse obadwa ku Dowa. Onse amene amamukonda mkwatibwi, nanga pamenepo ukhala pansi? Ine ndinali m'magulu onsewo. Nyimbo imodzi anaibwereza mpaka beseni lidzaze. Pomaliza anabweretsa maapozi pa thireyi, limodzi K2,000, akukuikira maikolofoni pakamwa kuti unene mawu. Ndinabwerera wapansi, ya kabaza ndinaiponya.

Bambo a Kabaza: Mukanandiimbira mlamu, ndikanakutengani pangongole kkkk

a Nasibeko: Alangizi okha analipo anayi. Wa ukhondo, wa bajeti, wa mapemphero m'banja, ndi wina wa kasamalidwe ka alendo. Wa bajetiyo ankatiphunzitsa kusawononga ndalama ife titangomaliza kuponya.

Wapampando: Ndiye mwatsegula bwalo loseka shawa ya mwana wanga?

Akiyi Woyamba: Ayi amayi, palibe akuseka mwana. Tibwerere pa ndalama. Msungichuma akatumiza K20,000 ya a Nachisale, patsala K15,000. Mulungu atiteteze, koma kutagwa maliro mawa, malamulo amati K50,000. Tiitenga kuti? Tikauze anamfedwa kuti adikire perekani awerengedwe?

Agogo a Nangozo: Ndine mdzukulu wawo, ndikulemba zimene akunena. Akuti iwo analipira K3,000 chifukwa cha masipika. Pa chinkhoswe cha mu Juni anawakhazika pafupi ndi chisipika chachikulu, mtima unkagunda pamodzi ndi ng'oma ya mu chimbale, anagona masiku awiri mutu ukuwawa, BP itakwera. Akuti kale akamati chamba cha amayi kunali chimtali ndi chisamba, ng'oma ndi manja, munthu umamva mawu a nyimbo ndipo ukatopa umakhala pansi popanda wokuitana dzina. Akuti mwanayo amamukonda, anamutumizira nkhuku Lachisanu, afunseni a wapampando ngati sinafike.

Wapampando: Nkhuku inafika agogo, zikomo. Inu sindikukunenani.

Bambo a Kabaza: Nanenso ndifunse nawo. Mwa anthu 8 aja, awiri ndife abambo, ine ndi a shopu. Pa khadi panalembedwa kuti amayi okhaokha. Nditafunsa Lachinayi anati lamulo ndi lamulo, wosapita alipire. Ndiye ndinalipira chindapusa chosapita kumalo kumene akanandibweza pageti. Sindikudandaula ayi, ndinagwira ntchito tsiku lonse, ndinanyamula amayi a yunifomu kupita ndi kubwera, K3,000 inabwerera isanakwane 4 koloko. Koma ndalama yanga inagula Fanta amene sindinaloledwe kumwa.

Msungichuma: Achimwene, ine ndinangotsata mndandanda umene ndinapatsidwa.

Alembi: Munapatsidwa ndi ndani? Mndandanda wa zindapusa umachokera kwa ine.

Msungichuma: Ndi a wapampando.

Lolemba masana

Mayi Mphunzitsi: Ndangotuluka m'kalasi, ndawerenga zonse. Ndiloleni ndinene pamene pagona vuto, chifukwa lamulo la K3,000 ndinalemba nawo ine mu 2021. Nthawi imeneyo K3,000 inali ndalama yoti munthu aganize kawiri, inkafanana ndi mtengo wa nsalu. Kuchokera pamenepo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi imene tinkalemba lamuloli ngakhale K5,000 ya pepala limodzi kunalibe, inatuluka mu 2022. Sheya tinakweza kuchoka pa K500 kufika pa K2,000, nsalu inakwera, telala anakweza, DJ anakweza, koma chindapusa chinatsala pomwepo. Ndiye anthu sanaphwanye lamulo, angowerengera bwino. China chimene mwina simunachione. Malamulo amati chindapusa chilichonse chimalowa m'bokosi, chimakongozedwa pamodzi ndi masheya, ndipo pogawana mu Disembala chimagawidwa potengera masheya a munthu. Pano gulu lonse lili ndi masheya pafupifupi 2,400. K24,000 kugawa pamenepo ndi K10 pa sheya. A Nabanda ali ndi masheya 150, ndiye kuti K1,500 ikanabwerera kwa iwo omwe, osawerengera chiwongoladzanja. Kusapita ku shawa kwawadyera K1,500 basi.

a Nabanda: Ndiye chifukwa chake ndikuifuna m'bokosi kkkk

Wapampando: Mwaona? Ndi zimene ndikunena. Munthu alakwire mwana wanga, chindapusa chake adzachidyenso yekha mu Disembala. Chilungamo chili pati? Wolakwiridwa ndi mwini mwambo, ndalamayo ipite kwa mwini mwambo.

Mayi Mphunzitsi: Mfundo yanu ndi yomveka amayi, ndipo mukaibweretsa Lachinayi mwina ndikhoza kuivotera. Koma ikhala ya kutsogolo. Lamulo limene lilipo lero likuti m'bokosi. Sitingasinthe lamulo Loweruka m'mawa pa foni ya anthu awiri.

Achemwali a ku Joni: Moni nonse kumudzi. Ine ndine mmodzi wa 8 aja. Ndili ku Johannesburg, aliyense akudziwa, masheya ndimatumiza pa Mukuru kudzera kwa mng'ono wanga. Ndikanakwera basi masiku awiri kudzera ku Beitbridge ndi ku Mwanza kuti ndidzavine shawa? Chaka chino chokha ndalipira chindapusa pa chinkhoswe, pa shawa, ndi pa phwando la Isitala lija. Ine ndimangoti ndi msonkho wokhala kunja. Koma ndimalipira podziwa kuti ikulowa m'bokosi. Ngati ikugula zakumwa ndiuzeni, ndizitumiza mphatso ndekha dzina langa lilembedwe pa envelopu. Mwanayo sakudziwa n'komwe kuti K3,000 yanga inali m'kireti.

a Nasibeko: Pamenepo pokha a ku Joni anena zoona. Pa mwambo anathokoza komiti chifukwa cha zakumwa, sanatchule gulu.

Akiyi Wachiwiri: Ine ndili mbali ya a wapampando pa chinthu chimodzi. Tikazolowera zoti ndalama imalowa m'malo mwa munthu, tidzafika polipira kuti tisapite kumaliro. Lero ndi shawa, mawa wina adzatumiza chipepeso pa Airtel Money ali kunyumba akuonera mpira. Gulu ili si banki ya m'tauni yoti umangosiya ndalama pawindo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. A Nabanda muli ndi ana aakazi awiri amene sanakwatiwe.

a Nabanda: Musasakanize amayi. Maliro alibe khadi, alibe yunifomu, alibe MC. Mwamuna wa a Nasibeko atamwalira ndinagona kusiwa masiku onse, ndinatunga madzi, ndinaphika, palibe anandiuza mtengo wolowera. Kumaliro wosauka ndi wolemera amakhala pamphasa imodzi. Ku shawa amakuimika kutsogolo anthu aone ngati waponya K200 kapena K2,000. Ana angawo akadzapeza mabanja ndidzaphika thobwa, wobwera abwere.

Agogo a Nangozo: Akuti kumaliro apita ngakhale ndi ndodo, zimenezo musawaphunzitse.

Bambo a Shopu: Ndinali chete chifukwa cha makasitomala. Ine zanga ndi ziwiri. Ndalama za perekani zimadzathera ku shopu kwanga Lolemba, zopondedwa, zamatope, zina zong'ambika pakona, anthu amakana ndikawapatsa ngati tchenji. A Reserve Bank akhala akudandaula pa wailesi za kuponda ndalama pa maukwati, ife osamva. Izo zapita. Chachikulu ndi ichi, K60,000 yatuluka m'thumba la gulu kupita kwa membala. Ndalama ikatuluka kupita kwa membala, kupatula matenda ndi maliro, dzina lake ndi ngongole. Ngongole yathu ndi 20 peresenti pamwezi. Ndiye ibwere K72,000.

Wapampando: A shopu, K12,000 ya chiyani? Ndalama sinathe ngakhale masabata awiri.

Bambo a Shopu: Ine mu Epulo ndinatenga K100,000 ya shuga, ndinabweza patatha masiku 9 okha, munandiuza kuti mwezi ukayamba wayamba. Ndinapereka K120,000 ndipo amene anawerenga lamulolo ndinu.

Msungichuma: Koma iyi sinalembedwe ngati ngongole.

Akiyi Woyamba: Ndiye vuto lake limenelo. Ngongole imapemphedwa pa msonkhano, anthu onse akuona, owerenga ndalama awiri awerenge mokweza, alembi alembe, wotenga asayine m'kabuku. Iyi inangotuluka. Mukati si ngongole, tiitchule chiyani?

Mayi Mphunzitsi: Tisafike kumeneko amayi. Tiitchule ngongole, ndi dzina labwino kwa tonse.

Lolemba madzulo

Wapampando: Ndakhala pansi ndi bambo kunyumba. Perekani anawerengedwa dzulo, K60,000 ilipo, ndipereka kwa msungichuma mawa m'mawa, alembi mukhalepo. Za K12,000 sindikuvomera pa foni, tikavote Lachinayi, gulu likati ndilipire ndilipira. Koma K24,000 ya zakumwa musandifunse ine. Anamwa ndi anthu a gulu lomweli amene anabwera, ena mabotolo awiriawiri, ena anaika m'zikwama, ndinawaona.

a Nasibeko: Ine ndinamwa limodzi, lotentha.

a Nabanda: Amene anamwa ndi 14, amene tinalipira ndi 8. Ndiye ife tagulira anzathu Fanta? Ndalamayo inali ya bokosi, ya anthu 22. Anaitulutsa ndi anthu awiri, aibweze anthu awiri, K12,000 aliyense.

Msungichuma: Ine K12,000 ndiitenga kuti? Udindo uwu sindilandira kanthu. Ndimasunga foni ya gulu, ndimaitchaja ndi ndalama yanga, usiku mumandidzutsa. Ngati ndi choncho sankhani wina, Lachinayi ndibweretsa foni ndi simu yake.

Akiyi Wachiwiri: Musatule pansi udindo chifukwa cha mkwiyo achemwali, kwatsala miyezi iwiri kuti tigawane. Ngongole zili kunja ndi zambiri, amene akudziwa bwino za aliyense ndinu.

Mayi Mphunzitsi: Ndipereke maganizo. K6,000 ya abambo awiri siinayenera kutoleredwa n'komwe, shawa sinali yawo. Imeneyo abwezeredwe ndi komiti ya shawa. Yotsala K18,000 ndi ya bokosi. A wapampando, mwati ukwati uli mu Novembala ndipo perekani wa tsiku limenelo ndiye wamkulu. Ilembedwe pa dzina lanu popanda chiwongoladzanja, ibwere tisanagawane. Msungichuma asalipire kanthu, koma kuyambira pano ndalama isatuluke pa foni popanda uthenga pagulu pano ndi kuvomera kwa akiyi awiri.

Bambo a Kabaza: Yangayo musavutike kundibwezera, iponyeni m'thumba la zadzidzidzi. Koma mundilembe kuti send-off ndalipiriratu.

Alembi: Achimwene send-off abambo amaloledwa, imeneyo ndi nkhani ina.

Bambo a Kabaza: Ndiye ndibwezereni kkkk

Bambo a Shopu: Ine yanga ndikuifuna, ndi K12,000 ija sindinaiwale.

Wapampando: K18,000 ndamva, ndikambirana ndi akuchimuna chifukwa perekani wa ukwati si wanga ndekha. Koma nanenso ndibweretsa mfundo Lachinayi. Chindapusa chosapita ku mwambo wa membala chikwere kufika K15,000, ndipo chizipita kwa mwini mwambo. Tione ngati mudzalipirabe mukuseka.

a Nabanda: K15,000 ikadali theka la K30,000 amayi. Ndidzalipira, kungoti osaseka. Mfundo yanga ndi iyi, yunifomu isakhale yokakamiza, ndipo banja limodzi gulu lizipitako kamodzi, mwini asankhe yekha kaya chinkhoswe, kaya shawa, kaya ukwati. Mukatero simudzaona munthu akulipira chindapusa.

Akiyi Wachiwiri: Yunifomu tikhoza kusoka imodzi ya gulu yoti tizivala paliponse, ngati a mvano. Izi zosintha nsalu mwambo uliwonse zikulemeretsa atelala.

a Nasibeko: Ine m'sutikesi muli mayunifomu 6, ena ndinavala tsiku limodzi. Wa ukwati wa chaka chatha uja banja linatha kale, diresi ikadali yatsopano.

Achemwali a ku Joni: Nanga ife akunja? Mulembe kuti amene ali kutali asamalipire, kapena azilipira theka. Ndipo Lachinayi wina andiimbire pa WhatsApp nthawi yovota, mng'ono wanga amachita manyazi kukweza dzanja pamaso pa a wapampando.

Alembi: Ndalemba zonse. Lachinayi tikambirana K12,000 ya chiwongoladzanja, K18,000 ya bokosi, K6,000 ya abambo, chindapusa chatsopano, yunifomu, ndi za akunja. Kuvota kukhala kwa timapepala, osati kukweza manja. Palinso nkhani ya ulendo wa ku Senga Bay pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala. A minibasi akufuna chikole pofika Lachisanu ndipo amene alembetsa ndi 9 okha.

Agogo a Nangozo: Akufunsa ngati m'minibasimo mukhala masipika. Akuti ngati alimo muwauziretu mtengo wotsala, chindapusa chisanakwere.

Wapampando: Agogo ulendo wa kunyanja si wokakamiza.

a Nabanda: Zilembedwe zimenezo alembi, ndi tsiku lake.

Akiyi Woyamba: Chikole cha minibasi chichokere m'matumba mwa opita, thumba la zadzidzidzi lisakhudzidwe. Lachinayi kiyi ndibwera nayo koma 2 koloko ndili kusikelo ndi mwana, tiyambe 3.